Mafunso Anu: Chingerezi cha Shakespeare chikakukolani pakhosi

Makalata ambiri mwezi uno abwera ndi dandaulo limodzi: Chingerezi chakale cha m'masewero a William Shakespeare ndi alembi anzake a nthawi imeneyo. Tasankhapo ochepa, ndipo ena tawafupikitsa.

Anzanga akuti Macbeth analembedwa mu Old English. Ndiye kuti ndiyambe kuphunzira chiyankhulo china pomwe mayeso a MSCE ali pakhomo?
Wophunzira wa Fomu 4, Kasungu

Khazikani mtima pansi, anzanuwo asokoneza mayina. Old English ndi Chingerezi cha zaka zoposa 900 zapitazo, cha ndakatulo ya Beowulf, ndipo ngakhale mbadwa ya ku London singachimve popanda kuchilowera m'kalasi. Pambuyo pake panabwera Middle English ya Geoffrey Chaucer, yemwe anamwalira mu 1400. Shakespeare anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616, ndipo iyeyu, Christopher Marlowe ndi Ben Jonson ankalemba chomwe akatswiri amachitcha Early Modern English. Ndi Chingerezi chomwechi cha lero, koma chidakali chitsikana.

Zokupunthwitsani zilipo za mitundu itatu ndipo sizilemera mofanana. Pali timawu ta galamala monga *thou*, *hath* ndi *dost*, tomwe mungatimalize madzulo amodzi. Pali mawu amene anafa, monga *prithee* ndi *forsooth*, omwe buku lililonse la kusukulu limawamasulira m'munsi kapena m'mbali mwa tsamba. Ndiye pali mawu amene mumawadziwa kale koma anasamuka tanthauzo. Awa ndiwo njoka yamuudzu, chifukwa simuima n'komwe kuti muwafufuze. Tawafotokoza poyankha aphunzitsi a ku Ntcheu m'munsimu.

Kutchalitchi kwathu timagwiritsa ntchito Baibulo la King James pa mapemphero a Chingerezi, ndipo Mulungu timamuti *thou*. Ndimadziwa kuti ndi mawu aulemu waukulu. Nanga bwanji m'masewerowa anthu akutukwanizana ndi *thou* yemweyo?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, nkhaniyi ili chadodolido ndi mmene mumaiganizira, ndipo si inu nokha. *Thou* ndi "iwe". *You* ndi "inu". Mukagwira pamenepa, mwaposa owerenga ambiri a ku England, chifukwa iwo kusiyanitsa kumeneku kunawathawa kalekale pomwe ife timakugwiritsa ntchito kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Poyamba *thou* anali wa munthu mmodzi, *ye* ndi *you* a anthu ambiri. Kenaka, potengera Chifalansa, Angerezi anayamba kuitana munthu mmodzi wolemekezeka ngati anthu ambiri, ndendende mmene ife timatira "abambo abwera" pomwe wabwera ndi munthu mmodzi. Pofika nthawi ya Shakespeare, *you* anali mawu a tsiku ndi tsiku pakati pa anthu aulemu wawo, ndipo *thou* anatsalira mwana, wantchito, bwenzi la pamtima, wokondedwa, chiweto, mzimu, ndi munthu amene ukufuna kumunyoza.

Omasulira Baibulo la 1611 sanatsate ulemu wa m'misewu ya London. Anatsata Chiheberi ndi Chigiriki: munthu mmodzi *thou*, anthu ambiri *ye*. Mulungu ndi mmodzi, choncho anakhala *thou*, koma Satana nayenso m'Baibulo lomwelo ndi *thou*. Mawuwa atatha m'kamwa mwa anthu n'kutsalira m'mapemphero mokha, makutu anayamba kuwamva ngati opatulika. Omasulira a Chichewa anasankha njira ina. Pomwe Mngerezi akuti *hallowed be thy name*, ife timati "dzina lanu liyeretsedwe", osati "dzina lako".

Kuti *thou* ankaluma, umboni ulipo. Mu Twelfth Night, Act 3 Scene 2, Sir Toby akulangiza mnzake kalembedwe ka kalata yoputa ndewu, ndipo akuti *if thou thou'st him some thrice, it shall not be amiss*, kutanthauza kuti ukamutchula kuti "iwe" katatu konse, zikhala bwino. Pa mlandu wa Sir Walter Raleigh mu 1603, woimira boma Edward Coke anamulalatira kuti *I thou thee, thou traitor*. Mchewa safuna womumasulira pamenepa: "Ndikukutchula kuti iwe, woukira iwe!"

Phindu lenileni lili poyang'anira pamene mtengambali akusintha. Tsegulani Macbeth, Act 4 Scene 2. Mwana wa Macduff akucheza ndi mayi ake ndipo akuwafunsa kuti *how will you do for a husband*, mwaulemu wa mwana woleredwa bwino. Chigawenga chitalowa n'kunena kuti bambo ake ndi oukira, kamwana komweko kakuyankha kuti *Thou liest*. "Ukunama iwe!" Kamnyamata kutchula munthu wamkulu wonyamula mpeni kuti "iwe", kulimba mtima kwake konse kuli m'liwu limodzi limeneli. Mayi akenso akusinthasintha: akuyamba ndi *your father's dead* ngati akumuyesa nzeru, koma chifundo chikawagwira akuti *Poor bird, thou'ldst never fear the net*.

Mu Act 1 Scene 7, Lady Macbeth akuyamba ndi *why have you left the chamber*, koma mwamuna wake atanena kuti chiwembu chilekeke, akumutembenukira ndi *Art thou afeard*. Taganizirani mayi amene masiku onse amati "bambo a mwana, mwadzuka bwanji", tsiku lina n'kungoti "ukuopa chiyani iwe?" Mu Romeo and Juliet njira yake ndi ina: pa phwando Juliet akumuuza mlendoyo kuti *You kiss by the book*, koma usiku womwewo ali yekha pakhonde, wasanduka *thou*. Mfumu Lear nayo ikufunsa mwana wake Cordelia ndi *you* pamaso pa anthu, koma mkwiyo utabuka ikuti *thy truth then be thy dower*.

Chenjezo limodzi: si paliponse pamene kusinthaku kuli ndi tanthauzo. Nthawi zina mlembi ankangofuna liwu lokwana mu mzere. Pa mayeso, tchulani kusinthaku pokhapokha ngati mukuonanso kuti mtima wa woyankhulayo wasintha.

Kagwiritsidwe kake nkosavuta. *Thou* ndi wochita ntchito, *thee* ndi wochitiridwa: *thou lovest me*, *I love thee*. *Thy* ndi "-ako", ndipo amasanduka *thine* liwu lotsatira likayamba ndi lembo la liwu, monga *thine eyes*, kapena akaima payekha kutanthauza "chako". Mneni wotsatana ndi *thou* amathera ndi *-st* kapena *-t*: *art, hast, dost, didst, wilt, shalt, canst, wert*. Mathero a *-th* ndi a munthu wachitatu: *he hath, she doth, it seemeth*. Ana asukulu akamaseweretsa Chingerezi chakale amakonda kunena *I doth* kapena *thou hath*, zomwe zili ngati kunena kuti "ine akupita". Nthawi imeneyo *-th* anali akugonja kale kwa *-s*, moti Portia mu The Merchant of Venice akugwiritsa ntchito onse awiri mu mzere umodzi: *It blesseth him that gives and him that takes*.

Pa sewero lomwe tinaonera kusukulu, Juliet ankati *wherefore art thou Romeo* atayika dzanja pachipumi, akusuzumira uku ndi uku. Mchimwene wanga akuti analakwitsa. Zoona?
Mtsikana wa ku Chilomoni, Blantyre

Achimwene anuwo akunena zoona. *Wherefore* si "kuti", ndi "chifukwa chiyani". Ndi mnzake wa *therefore*: wina amafunsa chifukwa, wina amayankha. Juliet sakufunafuna Romeo, sakudziwa n'komwe kuti mnyamatayo wabisala m'munsi mwa khonde. Akudandaula kuti, "Bwanji unakhala Romeo, mwana wa a Montague, adani a kwathu?" N'chifukwa chake mzere wotsatira ukumuuza kuti akane bambo ake ndi dzina lake. Wosewera azinena mawuwa akuyang'ana patsogolo ngati munthu woyankhula yekha, ndipo asapume pakati pa *thou* ndi *Romeo*.

Timawu ta malo tili ndi dongosolo lake. Tothera ndi *-ither* ndi topita: *hither* kubwera kuno, *thither* kupita uko, *whither* kupita kuti. Tothera ndi *-ence* ndi tochokera: *hence* kuchoka pano, *thence* kuchoka uko, *whence* kuchokera kuti. Munthu akakuwa kuti *Hence!* akuti "Choka!"

Pa khonde lomwelo mukumana ndi tina. *But soft* wa Romeo sakukhudza kufewa, ndi "taima kaye". Nurse, mlezi wa Juliet, akamaitana mkati, Juliet akuyankha *Anon, good nurse*, komwe ndi "ndikubwera!" kwa mwana amene sanasunthe n'phazi lomwe. *I would I were thy bird* ndi "ndikanakonda ndikanakhala mbalame yako", pakuti *would* apa ndi kulakalaka. *Ere* ndi "zisanachitike", *ay* ndi "inde", *methinks* ndi "ndikuona ngati", *prithee* ndi chidule cha *I pray thee*, "chonde". Kamodzi koiwalika kwambiri ndi *an*, komwe kawirikawiri ndi "ngati". Capulet akamakalipira mwana wake kuti *An you be mine, I'll give you to my friend*, akuti "ngati ndiwe mwana wanga, ndikupereka kwa mnzangayo".

Ndimaphunzitsa Literature. Ana anga amaloweza mndandanda wa mawu akale onse, koma akapatsidwa ndime kuti afotokoze amalemba zosiyana ndi zomwe zikunenedwa. Vuto lili pati?
Mphunzitsi wa sekondale, Ntcheu

Aphunzitsi, mndandanda womwe akulowezawo ndi wa mawu osaopsa. Mwana akaona *aroint* kapena *beldam* amadziwa kuti sakudziwa, ndiye amayang'ana m'munsi mwa tsamba. Akaona *doubt* amangodutsa.

Tengani Act 4 Scene 2 ya Macbeth yomwe tatchula ija. Mthenga akuthamangira kwa Lady Macduff n'kunena kuti *I doubt some danger does approach you nearly*. Mwana wa lero amva kuti mthengayo akukayika ngati kuli choopsa. Koma *doubt* apa ndi "kuopa kuti" kapena "kuganizira kuti": akuti "ndikuopa kuti zoopsa zili pafupi nanu, thawani". Tanthauzo latembenukiratu. Hamlet nayenso, atamva za mzukwa wa bambo ake, akuti *I doubt some foul play*, kutanthauza kuti akununkhiza chiwembu. Mu chigawo cha Macbeth chija Lady Macduff akunena za mwamuna wake kuti *He wants the natural touch*. *Want* ndi "kusowa", osati "kufuna": bamboyo alibe chikondi chachibadwa cha kholo.

*Owe* nthawi zambiri ndi "kukhala nacho", osati ngongole. Macbeth akamafunsa afiti aja kuti *from whence you owe this strange intelligence*, akufunsa kumene auzitenga uthenga wodabwitsawo, ndipo *intelligence* ndi uthenga, osati nzeru. *Still* ndi "nthawi zonse": dokotala mu Act 5 Scene 1 akuuza wantchito kuti *still keep eyes upon her*, asamuchotse diso. *Present* ndi *presently* ndi "pompano": Duncan akalamula *present death* ya nduna ya ku Cawdor, akuti iphedwe nthawi yomweyo. *Security*, yemwe Hecate, mkulu wa afiti, akumutcha mdani wamkulu wa anthu, si chitetezo koma kudzidalira kopusa, kuganiza kuti palibe chingakuchitikire. Malcolm akamati Macbeth ndi *luxurious* sakunena za moyo wawofuwofu, akumunena kuti ndi wachiwerewere. Ndipo *weird sisters* si "akazi achilendo": liwuli likuchokera ku *wyrd* wa Old English, kutanthauza zomwe zinakonzedweratu kuti zidzamuonekera munthu. Shakespeare anawapeza m'buku la mbiri yakale lolembedwa ndi Raphael Holinshed, ndipo tanthauzo la lero la "chodabwitsa" linabwera pambuyo.

Masewero enanso ali ndi misampha yawo. *Nice* ndi "chachabechabe": Friar Laurence akumva kuti kalata sinafike kwa Romeo ndipo akuti *The letter was not nice but full of charge*, sinali kalata yamacheza. *Fond* ndi "wopusa", monga Lear akudzitcha *a very foolish fond old man*. *Naughty* lero ndi wa mwana wopulupudza, koma Portia akamati *a naughty world* akunena dziko loipa kotheratu. *Brave* kawirikawiri ndi "chokongola, chochititsa kaso". *Sad* akhoza kukhala "wosaseka, woganiza mozama". Wovuta kwambiri ndi *let*, yemwe akhoza kutanthauza "kuletsa". Hamlet akulimbana ndi anzake omwe akumugwira kuti asatsatire mzukwa, ndipo akuti *I'll make a ghost of him that lets me*: apha womuletsa, osati womulola. Tanthauzo limeneli lidakalipo pa mawu a m'pasipoti ya ku Britain akuti *without let or hindrance*.

*Cousin* afunika ndime yakeyake m'kalasi ya Amalawi, chifukwa ana amathamangira kulemba "msuweni", ndipo chisuweni kwathu kuno chili ndi nthabwala zake. Nthawi imeneyo *cousin* kapena *coz* anali wachibale aliyense amene si wa bere limodzi. Lady Capulet akulira kuti *Tybalt, my cousin! O my brother's child!* Iyeyo ndi azakhali ake a Tybalt. Claudius akutcha Hamlet *cousin* pomwe ndi mwana wa mchimwene wake. Mafumu ankatchanso nduna zawo zikuluzikulu chimodzimodzi. "Mbale wanga" ndiye kumasulira kosalakwika. Musamusokoneze ndi *cozen*, womveka mofanana koma wotanthauza kupusitsa munthu n'kumudyera, liwu lodzaza m'masewero a akathyali a mu London monga The Alchemist ya Jonson ya 1610, momwe wopusitsidwayo amatchedwa *gull*.

Njira yophunzitsira ndi iyi. Musanayambe chigawo, lembani pabolodi mawu asanu kapena asanu ndi limodzi ooneka odziwika amene ali m'menemo, osawamasulira. Ana awerenge mokweza mpaka pa mpumiro weniweni, osati kumapeto kwa mzere, chifukwa chiganizo chimodzi chimatha kuyenda mizere isanu. Kenaka apeze mneni ndi mwininkhani wake, popeza alembiwa ankakonda kuika mneni kumapeto kapena kuyamba ndi pamtherankhani. Akatero anene ndimeyo m'Chichewa. Apa ndi pomwe cholakwa chimaonekera poyera: mwana akati "ndikukayika ngati kuli choopsa, choncho thawani", kalasi yonse imva yokha kuti sizikugwirizana. Lamulo loti awapatse ndi lakuti liwu lodziwika likapangitsa mtengambali kuyankhula zopanda mutu, wolakwa ndi liwulo. Dikishonale wamba wa kusukulu sathandiza kwenikweni pamenepa chifukwa amayamba ndi tanthauzo la lero. Buku la C. T. Onions la 1911, A Shakespeare Glossary, kapena Shakespeare's Words la David ndi Ben Crystal la 2002, ndiwo analembedwera ntchito imeneyi.

Awonetseninso kuti Shakespeare amadzimasulira yekha. Macbeth atapha Duncan akuti dzanja lake lingathe *the multitudinous seas incarnadine*, mawu aatali ochokera ku Chilatini, koma mzere wotsatira akubwereza zomwezo m'Chingerezi cha kumsika: *making the green one red*, kusandutsa nyanja yobiriwira kukhala yofiira. Mwana akakodwa pa liwu lalikulu, awerenge mzere wotsatira asanataye mtima.

Gulu lathu la zisudzo likukonzekera Romeo and Juliet ndi zigawo zina za Macbeth. Kodi *zounds* ndi *marry* ndi kutukwana? Nanga *banishèd* wokhala ndi kachizindikiro pamwamba timutchule bwanji?
Wotsogolera gulu, Zomba

Ndi malumbiro. *Zounds* ndi chidule cha *God's wounds*, mabala a Yesu pa mtanda, ndipo *'sblood* ndi *God's blood*. Kwa anthu a nthawi imeneyo awa anali mawu olemera kuposa kutchula zamanyazi, choncho Mercutio atabayidwa n'kunena *Zounds*, wosewera asamwetulire. Mudzamva ena akutchula "zaundz", ena "zuundz". Kachiwiriko kamasunga ubale wake ndi *wounds*. *Marry* ndi wopepuka. Anachokera ku dzina la Maria Virigo koma anafika pongotanthauza "inde kumene" kapena "etu". Lady Capulet akuseweretsa matanthauzo onse awiri pomwe akuti *Marry, that marry is the very theme I came to talk of*.

Mu 1606 nyumba ya malamulo ya ku England inakhazikitsa lamulo lotchedwa Act to Restrain Abuses of Players, loti wosewera aliyense wotchula mwachibwana dzina la Mulungu, la Yesu Khristu, la Mzimu Woyera kapena la Utatu pa sewero alipe mapaundi 10, theka kwa mfumu, theka kwa wokasumayo. Kulowa m'nyumba ya zisudzo ya Globe ku London n'kuonera choimirira kunali peni imodzi, ndipo paundi inali mapeni 240. Ndiye kuti lumbiro limodzi likanadya ndalama za anthu 2,400 oimirira. N'chifukwa chake mabuku amasiyana: Othello wosindikizidwa mu 1622 ali ndi *'Sblood* m'mawu oyamba a Iago, koma mu First Folio ya 1623, buku loyamba losonkhanitsa masewero a Shakespeare, liwulo mulibe.

Za kachizindikiroko: mzere wa ndakatulo m'masewerowa umakhala ndi maphatikizo khumi, lopepuka kenaka lolemera, kasanu. Werengani ndi zala *But soft, what light through yonder window breaks* ndipo mupeza khumi. Tsono *Hence from Verona art thou banishèd* amakwana khumi pokhapokha mutatchula ba-ni-shed, maphatikizo atatu. Akonzi a mabuku amaika kachizindikiroko kuti akukumbutseni. Mabuku ena sachita zimenezi: amalemba *banish'd* pofuna awiri ndi *banished* pofuna atatu, choncho onani kaye mawu oyamba a buku lanu, ndipo gulu lonse ligwiritse ntchito buku la mtundu umodzi. Kudula mawu monga *'tis, 'twere, o'er, ne'er, i' th'* cholinga chake n'chomwecho. Osewera athu ambiri, pofuna kumveka bwino, amawatambasula n'kunena *it is*, ndipo mzere umatsimphina. Yesani *If it were done when 'tis done, then 'twere well* mwa njira zonse ziwiri mumve kusiyana. Dzina la Romeo nalonso nthawi zambiri ndi maphatikizo awiri, Rom-yo.

Malangizo a pa siteji ali ndi mawu awoawo. *Exit* atuluke mmodzi, *exeunt* atuluke angapo. *Within* ndi mawu omvekera kuseri. *Flourish* ndi malipenga olonjera mfumu, *alarum* ndi ng'oma ndi malipenga a nkhondo, *hautboys* ndi zitoliro zamatabwa, makolo a oboe. Pa chiyambi cha Act 1 Scene 7 ya Macbeth palembedwa kuti alowe *a Sewer, and divers Servants*. Musakafune munthu wa ngalande za zonyansa kapena telala, ndiponso palibe wodumphira m'madzi: *sewer* ndi mkulu wa operekera zakudya patebulo, ndipo *divers* ndi "angapo".

Ndalama ndi manambala a m'masewerowa amandizunguza. *Forty ducats* ndi zambiri? *Threescore and ten* ndi zingati?
Bambo wopuma pa ntchito, Nkhotakota

Bambo, ngati munagulapo zinthu chisanafike chaka cha 1971 pomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi, theka la nkhaniyi mukulidziwa kale: mapeni 12 sheleni, masheleni 20 paundi. *Crown* ndi masheleni asanu, ndipo *half crown* ija munkaigwira m'manja inali theka lake. *Groat* ndi mapeni anayi. *Angel* inali ndalama ya golide ya masheleni 10 yojambulidwa mngelo Mikayeli, n'chifukwa chake atengambali amakonda nthabwala za angelo okhala m'thumba. *Noble* ndi masheleni 6 ndi mapeni 8, pomwe *mark* ndi kuwirikiza kawiri pamenepo, masheleni 13 ndi mapeni 4.

*Ducat* inali ya ku Venice, ya golide wolemera pafupifupi magalamu atatu ndi theka. Romeo akupereka 40 kwa wogulitsa mankhwala wa ku Mantua, ndiye kuti golide wokwana magalamu 140, posinthana ndi *dram* imodzi ya poizoni, yomwe sikwana n'komwe magalamu anayi. Mtengowo ndi wogulira mantha a munthu wanjala, chifukwa lamulo la mzindawo linali lakuti wogulitsa poizoni aphedwe. Ngongole ya kwa Shylock ya 3,000 ndi golide woposa makilogalamu 10. Mu Macbeth mfumu ya ku Norway ikulipa *ten thousand dollars*. Si za ku America: ndi *thaler*, ndalama ya siliva yomwe inayamba kusulidwa ku Bohemia cha m'ma 1520. Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, choncho mlembiyo anamupatsa ndalama yomwe kunalibe.

*Score* ndi 20, ndiye nkhalamba ya mu Act 2 Scene 4 yomwe ikukumbukira *threescore and ten* ikunena zaka 70. *Sennight* ndi mausiku asanu ndi awiri, sabata. *Fortnight* ndi masabata awiri. Mfiti ikamaopseza woyendetsa chombo ndi *sev'nights nine times nine*, ndi masabata 81. *Lammas* ndi pa 1 Ogasiti, ndipo Nurse akuti Juliet adzakwanitsa zaka 14 usiku wa *Lammas Eve*, pa 31 Julaye, kutatsala masabata awiri ndi masiku pang'ono. Seweroli tsono likuchitika pakati pa Julaye, nyengo yotentha ku Verona, monga Benvolio akudandaulira kuti kutentha kukuwiritsa magazi a anyamata.

Bwanji Macbeth akutukwana wantchito wake kuti *lily-livered*? Chiwindi chalakwanji?
Namwino, Mzimba

Madokotala a nthawi imeneyo ankaphunzitsa kuti thupi limayendetsedwa ndi timadzi tinayi totchedwa *humours*: magazi, makhololo, ndulu yachikasu yotchedwa *choler*, ndi ndulu yakuda yotchedwa *melancholy*. Tochuluka mwa munthu ndito tinkapanga khalidwe lake. Wa magazi ambiri ndi wansangala, wa makhololo ndi wozizira, wa *choler* ndi wapsemtima ngati Tybalt, wa *melancholy* ndi wokhumata ngati Hamlet. Choncho *humour* m'masewerowa ndi khalidwe kapena mmene munthu wadzukira, si nthabwala. Jonson anamanga sewero lathunthu pa ganizo limeneli, Every Man in His Humour, mu 1598.

Ankakhulupirira kuti magazi amapangidwa m'chiwindi, ndipo kulimba mtima ndi chilakolako zimachokera momwemo. Zomwe ife timaika mu mtima iwo ankazigawa: chiwindi cha kulimba mtima, kapamba wa mkwiyo ndi phwete ladzidzidzi, ndulu ya kuwawa mtima. Wamantha ndiye kuti chiwindi chake chilibe magazi, chayera ngati duwa la *lily*. Onani mmene matukwano onse a mu Act 5 Scene 3 akuzungulira pa kuyera: mnyamatayo akutchedwa *cream-faced*, *whey-face*, masaya ake *linen*, ndipo Macbeth akumuuza kuti akadzibaye kumaso kuti magazi aphimbe manthawo. Lady Macbeth naye popempha mizimu kuti itenge mkaka wa m'mawere ake *for gall*, akufuna kuti m'malo mwa mkaka mukhale ndulu.

Ndinaona chithunzi cha tsamba la First Folio pa intaneti. Analemba *loue*, *vpon*, ndipo *s* akuoneka ngati *f*. Kodi osindikiza anali osaphunzira?
Wophunzira wa pa koleji, Mzuzu

Ayi, ankatsata mwambo wa nthawi yawo. *U* ndi *v* anali lembo limodzi: *v* kumayambiriro kwa liwu, *u* pakati, choncho *vpon* ndi *upon*, *loue* ndi *love*, *haue* ndi *have*. *I* ankagwiranso ntchito ya *j*, moti Juliet analembedwa *Iuliet*. Chooneka ngati *f* chija ndi *s* wamtali, yemwe ankalembedwa koyambirira ndi pakati pa liwu koma osati kumapeto. Muyang'anitsitse, kamzere kake sikadutsa mbali zonse ziwiri ngati ka *f*. Kalembedwe ka mawu kanali kasanakhazikike. Dikishonale woyamba wa Chingerezi chokhachokha, wa Robert Cawdrey, anatuluka mu 1604 ndi mawu ovuta pafupifupi 2,500 okha, ndipo wa Samuel Johnson anadzabwera mu 1755. Osanja zilembo ankatha kuwonjezera kapena kuchotsa *e* kuti mzere ukwane bwino pa tsamba.

First Folio inasonkhanitsidwa ndi osewera awiri anzake a Shakespeare, John Heminges ndi Henry Condell, patapita zaka zisanu ndi ziwiri mwini wake atamwalira. Muli masewero 36, ndipo 18 mwa iwo, kuphatikizapo Macbeth, Julius Caesar ndi The Tempest, anali asanasindikizidwepo.

Mukamawerenga masamba akalewo samalani ndi *I* woima payekha, chifukwa *ay*, "inde", ankalembedwanso choncho. Mu Act 3 Scene 2, Juliet akufunsa Nurse ngati Romeo wadzipha, ndipo akumuuza kuti angonena *I*. M'mizere yotsatirayo liwu limodzilo likuimira "inde", "ine" ndi *eye*, diso. Mabuku a lero amasankha kalembedwe kamodzi pa malo alionse, choncho ndimeyi muiwerenge mokweza kuti zitatu zonsezo zimveke.